Seva ikasintha kaliridwe, imvetsereni musanagule ina

Pa ntchito yanga yosamalira makompyuta m'maofesi ndi m'masitolo a mu Blantyre, dandaulo limene limandipeza kawirikawiri ndi limodzi: "Sisitimu ikuchedwa." Wina amati ndi netiweki, wina amati mwalowa virus, bwana amati makinawo akalamba basi. Koma n'zosowa kuti woimba foni akuuze kuti seva, kompyuta yaikulu imene makompyuta enawo amadalira, yasintha kaliridwe. Zimenezo umakazimva wekha ukafika, kapena umauzidwa mochedwa ndi munthu amene palibe anaganiza zomufunsa. Ine ndaona kuti kuchedwa kwa database, pulogalamu yosunga zolembedwa zonse za bizinesi, ndi phokoso la makina nthawi zambiri zimachokera kumodzi, ndipo amene wayamba ndi kumvetsera amafika pa gwero la vuto msanga kuposa amene wathamangira kukatenga kotesheni ya seva yatsopano.

Ndifotokoze za sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo makasitomala anali atandandalika pa kauntala kudikira malisiti. Kugulitsa thumba limodzi la simenti kumafuna kuti wa pa kauntala adine batani n'kupinda manja, kompyuta ikuganiza. Lipoti la kumapeto kwa mwezi likayatsidwa mu ofesi ya akaunti, makauntala onse amaima. Mwini sitolo anali atatsimikiza kale mumtima kuti agula seva ina, ndipo ine anandiitana kuti ndingomuuza yoyenera. Ndinamupempha kuti ndione kaye yomwe ilipo. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chimawawa m'thumba, ndipo seva si chinthu chogula mongoyerekeza.

Seva yawo inali m'kachipinda ka kuseri kwa kauntala, kopanda windo lotseguka, khoma limodzi ndi nyumba yosungiramo simenti ndi laimu. Ndisanatsegule chitseko ndinali nditaimva kale. Mayi amene amalemba malisiti pa kauntala yoyandikana ndi chitsekocho anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, chinthucho chasintha kulira. Kale chinkangoti vuu tikachiyatsa, pakapita kanthawi n'kukhala phee. Pano ndi tsiku lonse. Ndiye muli kena kamene kamati tsii, tsii, osaleka. Tinanena, koma anangoti tizitseka chitseko." Mayiwa sadziwa kuti database n'chiyani, koma m'mawu ochepawo anandipatsa zinthu ziwiri zimene ndikanataya nthawi yambiri kuzifufuza: kuti makinawo akutentha, ndiponso kuti chipangizo china mkatimo chakhala chikuchenjeza kwa nthawi yaitali.

Seva ikamayatsidwa, mafani ake amayamba ndi liwiro lonse, kenako amatsika ikaona kuti mkati muli bwino. Ndi mmene inapangidwira. M'maseva opyapyala aja olowa mu rack, kabati yachitsulo yoikamo maseva, mafani amakhala ang'onoang'ono, a mamilimita 40, ndipo kuti akankhe mpweya wokwanira amazungulira kupitirira maulendo 10,000 pa mphindi. N'chifukwa chake kulira kwawo kumaboola m'makutu. Akakana kutsika, ndiye kuti tizipangizo toyeza kutentha tikuwauza kuti zinthu sizili bwino. Purosesa nayo, ubongo wa kompyuta, ikatentha kufika pa malire ake imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Choncho makina amene akulira kwambiri akhoza kukhala akugwira ntchito pang'onopang'ono kuposa pamene anali chete, ngakhale khutu la munthu limaganiza kuti kulira kwambiri ndi kulimbikira.

Ndisanazimitse chilichonse ndinafunsa za backup, kope la zolembedwa zonse lodzathandiza zikatayika. Pamenepa ndimaumirira, ngakhale mwini makina akhale pa changu chotani. Hard disk yokalamba imene yakhala ikuzungulira usana ndi usiku imatha kukana kudzuka ikangozimitsidwa, ndipo nthawi yodziwira zimenezo isakhale pamene mulibe kope lina. Anandionetsa mosangalala kuti backup imachitika usiku uliwonse, ndipo zinali zoona. Koma mafayilo onse ankasungidwa m'seva yomweyo, pa madisiki omwewo. Sevayo ikanafa, ikanapita ndi ngongole za makasitomala, mbiri ya katundu, ndi backup yake yomwe. Ndinakopera zonse pa disiki yakunja, n'kuyesa kuzitsegula pa laputopu yanga kuti ndione ngati zikuwerengeka, kenako m'pamene tinazimitsa, sitolo itatsekedwa.

Nditachotsa chivundikiro ndinapeza fumbi lotuwa litagwirana pa zitsulo zoziziritsira purosesa. Silinali fumbi louluka ayi. Linali litaumbika, lokhuthala, moti ndinalisenda ndi zala likuchoka lathunthu, m'munsi mwake zitsulo zili zoyera. Timabowo ta kutsogolo tolowera mpweya tinali titatsekeka pafupifupi tonse. Fumbi la simenti likakumana ndi chinyezi cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi limamatirira, kenako la mu Ogasiti ndi Seputembala limadzakhala pamwamba pake. Ndinaitulutsa panja, n'kuipemerera ndi blower nditagwira mapiko a fani iliyonse ndi chala kuti mphepo isaizungulitse mopyola muyeso, chifukwa kutero kumawononga ma bearing. Fani imodzi inali kale ndi vuto limenelo: ukaizunguza ndi dzanja imamveka kukhekhereza. Ndinapakanso thermal paste watsopano, phala lothandiza kuchotsa kutentha, pa purosesa, popeza wakale anali atauma n'kusweka.

Titaiyatsa, mafani anati vuu, kenako anatsika. Mwini sitolo anamwetulira poganiza kuti tamaliza. Koma m'mawa mwake malisiti ankachedwabe, ngakhale pang'ono panali kusintha. Apa m'pamene ambiri amasokonekera. Kutontholetsa phokoso limodzi si kuchiza matenda onse, ndipo ndimakonda kusintha chinthu chimodzi, kuyeza, kenako n'kupita pa china. Ukasintha zinayi nthawi imodzi, zinthu zikayenda sudziwa chimene chathandiza, ndipo zikaipa sudziwa chobweza.

Sevayo inali pa Linux, database yake MySQL. Nditatsegula top, kapulogalamu koonetsa zimene seva ikuchita, ndinaona kuti purosesa ikungokhala, ntchito yake yochepa, koma nambala ya iowait inali pamwamba. Nambala imeneyi imasonyeza nthawi imene purosesa ilibe chochita chifukwa ikudikira disiki. Kapulogalamu kena ka iostat, koyeza ntchito ya madisiki, kanavomereza: madisiki anali otanganidwa pafupifupi nthawi yonse, ndipo pempho lililonse linkadikira nthawi yaitali. Apa zinaonekeratu kuti kugula seva ya purosesa yamphamvu kukanakhala kutaya ndalama, chifukwa purosesa yomwe inalipo sinkatopa n'komwe.

Tsono kulira kwa tsii, tsii kuja. Poyamba munthu angaganize kuti ndi UPS, bokosi la batire lopatsa seva magetsi akazima, chifukwa nayo imalira choncho magetsi akazima kapena batire lake likatha. Koma ndinaika khutu pafupi n'kumva kuti kukuchokera m'kati mwa seva, pa khadi la RAID, kachipangizo koyendetsa madisiki. Kutsogolo, pa malo a disiki imodzi, kanyali kanali kachikasu m'malo mwa kobiriwira, ndipo fumbi linali litakabisa. Sevayo inali ndi madisiki awiri osunga zinthu zofanana, zimene timati RAID 1, cholinga chake kuti imodzi ikafa inzake ipitirize. Imodzi inali itafa kalekale, ndipo khadilo linakhala likulira kuti wina abwere. Chitseko n'chimene chinatsekedwa. Sitolo yonse inkayenda pa disiki imodzi yotsala.

Yotsalayo nayo sinali bwino. Mafani atatonthola, tinayamba kumva kaphokoso kamene poyamba kankabisika: kho, kho, kho, kenako zii, n'kuyambiranso. Mu hard disk muli mbale zozungulira ndi kamkono kokhala ndi mutu wowerenga, kamene kamayandama pamwamba pa mbaleyo osaikhudza. Malo ena pa mbale akawonongeka, mutuwo umayesa kuwerenga, kulephera, kubwerera n'kuyesanso, ndipo pa nthawi yonseyo database imakhala itaima kudikira yankho. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya thanzi lake yotchedwa SMART, imene imawerengeka ndi kapulogalamu ka smartctl. Ndimayang'ana kwambiri nambala 5, yowerenga malo owonongeka amene disiki yawasamutsa kale, ndi nambala 197, ya malo amene akukayikitsa ndipo akudikira kusamutsidwa. Zonse ziwiri zinali zitachoka pa ziro. Koma ndichenjeze: SMART ikanena kuti zonse zili bwino, musagone tulo. Kafukufuku amene akatswiri a Google anatulutsa mu 2007, atayang'ana madisiki ambirimbiri a m'maseva awo, anapeza kuti ochuluka ndithu anafa SMART isanachenjeze kalikonse.

Pali chinanso chokhudza phokoso chimene anthu amadabwa nacho ndikawauza. Phokoso silimangotuluka mu disiki, limathanso kulowamo. Mu 2008 katswiri wina, Brendan Gregg, ali ku Sun Microsystems, anajambulidwa akukuwira madisiki m'chipinda cha maseva, ndipo pa sikirini panaoneka kuti madisikiwo achedwa kuyankha pa nthawi yeniyeni imene anakuwa. Kunjenjemera pang'ono kokha kumasuntha mutu wowerenga uja pa mzere wake, ndipo umayenera kudikira kuti mbale izungulirenso. Ndimakumbukira zimenezi ndikaona seva itaikidwa pa shelefu yogwedera, kapena khoma limodzi ndi jenereta, zimene si zachilendo m'maofesi athu. Fani ya bearing yowonongeka nayo imagwedeza bokosi lonse.

Koma chimene chinkachedwetsa malisiti kwambiri chinali kanthu kakang'ono kamene sikaoneka ukangosuzumira: batire la pa khadi la RAID. Khadi limeneli lili ndi memore yakeyake. Database ikati "lemba izi", khadilo limazilandira mu memore, n'kuyankha nthawi yomweyo kuti zalembedwa, kenako n'kuzipititsa ku disiki pambuyo pake. Limachita izi molimba mtima chifukwa batire limasunga zomwe zili mu memoreyo magetsi akazima mwadzidzidzi. Batirelo likafa, khadi limasiya njira yachidule imeneyi n'kuyamba kudikira disiki pa kulemba kulikonse. Ndipo InnoDB, injini imene MySQL imasungira zinthu, mwachibadwa chake imafuna kuti malonda aliwonse atsimikizidwe kuti afika pa disiki isananene kuti zatheka. Disiki yozungulira maulendo 7,200 pa mphindi imazungulira ka 120 pa sekondi, ndipo ntchito zomwazikana zimene ingakwanitse pa sekondi sizipitirira kwenikweni 100. Makauntala angapo akamagulitsa nthawi imodzi, malonda aliwonse akukhudza matebulo a katundu, a malisiti ndi a ngongole, mzere wodikira umatalika msanga.

Batire limafa ndi ukalamba, koma kutentha kumalithamangitsa. Chomwechonso mabatire a UPS: amapangidwa kuti azikhala pa madigiri pafupifupi 25, ndipo kachipinda kotseka mu Okutobala kamapyola pamenepo kutali. Onjezani kuzimazima kwa magetsi, makamaka m'nyengo ija namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene mabatire ambiri mu mzinda uno ankatha n'kudzazidwanso tsiku ndi tsiku. Zipangizo zambiri zimene ndikukumana nazo lero zinavulala nthawi imeneyo ndipo sizinasinthidwe.

Pamenepa pali mayesero amene ndikufuna anzanga a ntchito imeneyi awakane. Pa intaneti mupeza malangizo oti mukakamize khadi la RAID kupitiriza njira yachidule ija ngakhale batire lafa, kapena oti musinthe innodb_flush_log_at_trx_commit kuchoka pa 1 kupita pa 0 kapena 2 kuti MySQL isamadikire disiki pa malonda aliwonse. Mukatero, seva imathamanga nthawi yomweyo ndipo bwana amakuyamikirani. Koma mwagula liwirolo ndi chitetezo cha zolembedwa. Magetsi akazima, malonda a masekondi omaliza akhoza kusowa, ndipo ngati munakakamiza khadi lopanda batire, database yonse ikhoza kuwonongeka mpaka kukana kutseguka. Amene analemba malangizowo mwina amakhala kumene magetsi sazima chisawawa. Ife kuno tikudziwa mmene zimakhalira, ndipo kasitomala amene walipira ndalama zake, lisiti lili m'manja koma m'kompyuta mulibe, sadzamva zoti tinkafuna liwiro. Ine sindichita zimenezi pa makina osunga ndalama za anthu.

Mbali ya zitsulo itadziwika, ndinatembenukira ku database yeniyeniyo, chifukwa disiki yodwala inkasenzetsedwanso katundu wosayenera. Sevayo inali ndi memore yambiri, koma MySQL inkagwiritsa ntchito kachigawo kochepa chabe. Buffer pool ya InnoDB, malo amene database imasungamo zinthu zimene ikuzifuna pafupipafupi, imabwera itaikidwa pa 128 MB, ndipo amene anaika sisitimuyo sanaikhudze. Zili ngati wa golosale amene ali ndi mashelefu aakulu opanda kanthu, koma kasitomala aliyense akafuna sopo kapena shuga amathamangira kukatenga ku sitoro ya kuseri. Pa seva imene ntchito yake ndi database yokha, anthu amapereka theka kapena kupitirira la memore yonse ku buffer pool. Nditaikweza, kuwerenga kochokera ku disiki kunatsika kwambiri. Ogwiritsa database ina ya PostgreSQL asadzione opulumuka: shared_buffers yawo nayo imabwera pa 128 MB.

Lotsala linali lipoti la kumapeto kwa mwezi lija. MySQL ili ndi slow query log, buku lolemba mafunso amene achedwa kuyankhidwa, koma imabwera yozimitsa, ndipo ukaiyatsa imangolemba okhawo opitirira masekondi 10. Ndinatsitsa malirewo kufika pa sekondi imodzi n'kuisiya tsiku lathunthu la malonda. Funso limodzi linaonekera pamwamba pa onse: lofufuza malonda a mwezi umodzi potengera deti. Nditaika kutsogolo kwake mawu oti EXPLAIN, ouza MySQL kuti ionetse mmene imafufuzira, yankho linati ALL, kutanthauza kuti database imawerenga mzere uliwonse wa tebulo la malonda, kuyambira tsiku limene sitolo inayamba kugwiritsa ntchito kompyuta, kuti ipeze a mwezi umodzi wokha. Pa deti panalibe index, mlozo wothandiza database kupeza mizere yofunika msanga. Sitolo ili yatsopano vutoli silinkaoneka, chifukwa tebulo linali laling'ono. Linakula mwakachetechete chaka ndi chaka mpaka lipoti limodzi linayamba kulanda disiki yonse, makauntala n'kumadikira.

Sindinaike index ndekha. Sisitimuyo inalembedwa ndi anthu ena amene amaisamalirabe, ndipo kusintha matebulo awo iwo osadziwa kumabweretsa mavuto tsiku limene adzabwere ndi zosintha zawo. Ndinawatumizira funsolo pamodzi ndi zimene EXPLAIN inaonetsa. Poyamba anayankha zimene opanga mapulogalamu amakonda kuyankha, zoti vuto ndi seva ya sitolo. Ataona umboni anavomera, ndipo index inaikidwa usiku. Lipoti limene linkaimitsa sitolo linayamba kutuluka munthu asanachoke pa mpando. Ndinenenso kuti index si mankhwala omwaza paliponse. Iliyonse imafuna kukonzedwa pa kulemba kulikonse, choncho zikachuluka zimachedwetsa malonda omwewo amene mukufuna afulumire. Muike pamene slow query log yakulozerani.

Nditakhala pansi ndi mwini sitolo, ndinamuonetsa pepala la zofunika kugula: batire la khadi la RAID, fani imodzi, mabatire a UPS, ndi ma SSD awiri olowa m'malo mwa madisiki ozungulira aja. SSD ilibe mbale kapena kamkono, sigwedezeka ndi phokoso, ndipo ntchito zomwazikana imachita zikwizikwi pa sekondi. Ndinaumirira kuti akhale ma SSD opangidwira maseva, amene ali ndi tizipangizo tomalizitsa kulemba magetsi akaduka, osati otchipa a mu laputopu. Anayang'ana pepalalo n'kufunsa kuti, "Ndiye mukuti yatsopano isagulidwe?" Ndinayankha kuti, "Bwana, mukaigula n'kuiika m'chipinda chomwechi, ndi makonzedwe omwewa, idzadwala matenda omwewa. Iyi ikadali ndi mphamvu. Tsiku lidzafika loti isinthidwe, ndipo ndidzakuuzani ndine." Mtengo wa zonsezo unali kachigawo chabe ka kotesheni imene anali nayo m'dirowa.

Pali chimodzi choyenera kudziwa mukasamukira ku SSD. Ikamadwala siti kho, kho. Imangofa, nthawi zina popanda chizindikiro chomveka ndi khutu. Choncho ndinakonza kuti seva izitumiza uthenga pa imelo disiki ikatuluka mu RAID, batire likafooka, kapena kutentha kukakwera, ndipo uthengawo uzipita kwa anthu awiri, ine ndi wa akaunti. Backup tsopano imapita pa disiki yakunja imene imasinthanitsidwa ndi inzake, ina n'kukagona kunja kwa sitolo, komanso kope lina limakwera pa intaneti usiku. Tinagwirizana kuti nthawi ndi nthawi tiziyesa kuibwezeretsa pa kompyuta ina, chifukwa ndakumanapo ndi ma backup amene ankaoneka abwino koma atafunika anakana kutseguka.

Nkhani imene sinathe ndi ya kachipinda. Ndinapempha kuti seva isamukire mu ofesi ya akaunti, kutali ndi simenti, kumene kuli mpweya. A mu ofesimo anakana chifukwa cha phokoso, ndipo ndikuwamvetsa, pakuti seva ya mu rack ngakhale ili bwino si yokhala nayo pafupi tsiku lonse. Air conditioner mwini sitolo anati adikire kaye malonda a nyengo yomanga. Pakadali pano tinaboola khoma la kunja n'kuikapo fani yotulutsa mpweya wotentha, tinamata mipata ya khoma la ku simenti, ndipo pa chitseko tinaika sefa yochapika. Seva tinaichotsa pansi n'kuikweza pa tebulo lolimba. Sefayo iyenera kuchapidwa mwezi uliwonse, ndipo ntchitoyo inapatsidwa kwa mnyamata wosesa m'sitolo, amene ndinamuonetsa kachotsedwe kake ndi mmene angaiumitsire asanaibwezere.